Zipolopolo Zisanu za Achimwene

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikugulitsa zipolopolo, koma mfuti sindinaiwombepo ngakhale kamodzi. Musadabwe nazo. Wogulitsa mabokosi a maliro nayenso sanagonemo, koma mukapita amakuuzani kuti ili ndiye lofewa kumsana. Ntchito yanga ndi pakamwa, ndipo pakamwa Mulungu anandipatsa mosaumira.

Sitolo yathu ndi yopapatiza, inapanikizika pakati pa ogulitsa matayala ndi telala wina wosamva bwino. Chitseko n'chachitsulo. Munthu amaliza belu kaye, ine ndimamusuzumira pa kawindo, akandionetsa chiphaso cha mfuti ndiye ndimatsegula. Mfuti zili pakhoma, zonse zomangidwa ndi unyolo umodzi. Kumbuyo kwa kauntala kuli kabati yachitsulo ya mashelefu atatu. Pansi timaika zipolopolo zotchipa, za m'makatoni otuwa. Pakati pali za anthu oganiza kawiri asanapise m'thumba. Pamwamba penipeni, poti ndikafuna kufikira ndimakwera pa kampando, pamakhala timabokosi takuda ta zilembo zagolide. Ndalama ya chipolopolo chimodzi cha pamwambapo mumagula zisanu za pansi, n'kutsalako ya basi.

Eni sitolo makasitomala anawapatsa dzina loti a Mabokosi Awiri, ndipo dzinalo sanalipeze mwaulere. Ndiwo anandiphunzitsa nyimbo imene ndimayimba munthu akaloza pamwamba paja n'kufunsa kuti, "Izozo zili ndi chiyani kuti zidule chonchi? Zimapha n'kusenda komwe?"

Ndimayamba ndatsitsa bokosi limodzi lotsegula kale, loonetsera, n'kumuika munthuyo chipolopolo m'manja kuti amve kuzizira kwake. Kenako ndimati: "Bwana, izi si zothira ngati mchere m'ndiwo. Onga wa m'kati amauyeza pasikelo, chipolopolo chilichonse pachokha. Mutu wake amauyezanso, kulemera kwake n'kumodzi ndi kwa chinzake. Chigoba cha mkuwachi n'chofanana kukhuthala mbali zonse. Akapanga, munthu amaziona chimodzichimodzi, chokhala ndi kachilema amachitaya, ndiye inu mumalipirira ndi zotayidwa zomwe. Phindu lake n'loti pamene chapita choyamba, chachiwiri chimapita pomwepo, chachitatunso pomwepo. Zotchipazi chilichonse chili ndi maganizo ake."

Apa munthu amakhala atafewa. Ndiye pamabwera mzere womaliza, umene unapatsa abwana dzina lija: "Koma mutenge mabokosi awiri. Limodzi loti mfuti yanu izolowere, linalo la ntchito."

Kuti mfuti izolowere! Mfuti ndi mwana wa sukulu kodi, kuti izolowere aphunzitsi atsopano? Abwana anandifotokozera tanthauzo lake sabata yanga yoyamba, zimenezo sindikana. Koma tsiku limenelo ndinali nditavala nsapato zobwereka zimene zinkandipana, mutu wonse unali ku zala za kumiyendo. Ndinangogwedeza mutu. Kuyambira pamenepo ndinagawa ndekha nyimbo ija pawiri: za sikelo ndi mkuwa mwina n'zoona, mwina theka, koma za bokosi lachiwiri ndi kuba kovala tayi. Ndinkanenabe, poti ndimadya momwemo. Kasitomala akanyamula awiri n'kutuluka, ndinkamuseka chamumtima.

Tsopano ndikuuzeni za achimwene anga. Ndi akulu kwa ine ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo athu atamwalira ndiwo anandilipirira sukulu, ndiwo anandigulira sutukesi yoyamba, ndiwonso anakathamangitsa mwamuna wanga woyamba atayamba kundikweza dzanja. Ndi munthu wosalankhula. Mukakhala nawo ola lathunthu mumatolapo mawu asanu ndi limodzi, ndipo awiri mwa amenewo ndi "eya". Agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu yolondera nyama zakutchire ku malo ena osungira nyama, akuyenda m'mbali mwa mpanda mfuti ili paphewa. Nyumba imene ankakhalamo inali ya kuntchito, zipinda zitatu, khonde laling'ono, ndi mtengo wa mandimu umene alamu anga anabzala ali ndi pakati pa mwana woyamba. Zinawatsalira zaka ziwiri kuti apume ndi penshoni yathunthu.

Kuntchito kwawoko kuli lamulo. Chaka chilichonse wonyamula mfuti aliyense amayesedwa: zipolopolo zisanu, mtunda wa mamita zana limodzi, ndipo zinayi ziyenera kulowa m'kati mwa malo akuda a pachandamale, aakulu ngati sosala ya kapu ya tiyi. Ukalephera amakupatsanso mwayi umodzi pakatha masabata atatu. Ukalepheranso, mfuti umabweza, amakupumitsa nthawi isanakwane, ndipo nyumba umatulukamo pasanathe mwezi. Zaka zonsezi achimwene ankangodutsa ngati akupita kumsika. Chaka chino zinalowa zitatu.

Anabwera kusitolo Lachiwiri masana, abwana atapita kukadya. Nditasuzumira pa kawindo ndinaona jekete lawo la kutchalitchi, ndipo ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Munthu savala jekete limenelo pakati pa sabata popanda maliro kapena mlandu.

"Achimwene, kwagwanji? Alamu ali bwino?"

"Ali bwino."

Anandipatsa kalata ya kuntchito. Ndinaiwerenga ataima, chipewa chili m'manja, akuyang'ana mfuti zapakhoma ngati akuziona koyamba.

"Ndiye mukuda nkhawa ndi kapepala aka? Inu? Munthu amene munaphunzitsa theka la anyamata a kumeneko kugwira mfuti?"

Anatsitsa mawu ngakhale munalibe munthu wina. "Mwina ndi maso, chemwali. Dzana alamu ako anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi. Ndinalephera."

Mtima unandiwawa, ndipo ine mtima ukandiwawa ndimakalipa. "Singano! Mwayamba liti kuwombera singano? Vuto si maso anu. Vuto ndi zipolopolo zimene amakupatsani kuntchito, zogula pathumba ngati makala. Chimodzi chimapita kumanja, china chimakalonjera apongozi. Kodi amalola kubwera ndi zanu?"

"Amalola, bola zikhale za mfuti yomweyo. N'chimene ndabwerera."

Anapisa m'jekete n'kutulutsa envulopu yonenepa, naiika pakauntala mosamala ngati dzira. Analoza pamwamba ndi chibwano. "Zakudazo. Mnzanga wina anagulapo muno, akuti mumati munthu azitenga mabokosi awiri. Ndabwera ndi ya awiri."

Malipiro a achimwene ndimawadziwa. Envulopu imeneyo sinali yochokera ku malipiro.

"Ndalama izi mwazitenga kuti?"

"Ndi zathu."

"Sindinati mwaba. Ndati mwazitenga kuti?"

Anapukuta chipewa chimene chinalibe fumbi. "Alamu ako agulitsa makina awo osokera."

Koma abale! Makina amene alamu anasokera mayunifolomu a ana onse anayi, makina amene anasokera diresi langa la ukwati, onse awiri maukwatiwo. Apite chifukwa cha nyimbo ya a Mabokosi Awiri, nyimbo yoyimba ine ndemwe? Ndinakwera pa kampando, ndinatsitsa bokosi loonetsera lija, n'kuwerenga zipolopolo zisanu pa kansalu kobiriwira ka pakauntala. Zinkanyezimira ngati mano a munthu wolemera.

"Mayeso ndi zipolopolo zingati?"

"Zisanu."

"Nazi zisanu. Mulipira zisanu zokha. Yotsalayo mupite nayo lero lomwe mukawombole makina a alamu, wogulayo asanawazolowere."

Anaziyang'ana, osazigwira. "Nanga zija amati mfuti izolowere? Ine zaka zonsezi ndawombera mtundu umodzi wokha, wa kuntchito. Izi sindizidziwa. Sindiyenera kuyesako zingapo kaye?"

Ndinaseka, ndipo kuseka kumeneko ndimakumvabe mpaka lero. Ndinawerama pakauntala ngati ndikuwauza chinsinsi cha boma.

"Achimwene, zimenezo timauza anthu obwera. Inu si obwera. Mukufuna muwombere mchenga ndi makina a alamu? Mvereni ine, zaka khumi ndi zinayi ndili muno. Bokosi lachiwiri ndi la mimba ya abwana. Chipolopolo ndi chipolopolo, chimapita kumene mwaloza, ndipo izi zimapita bwino kuposa zonse."

"Ukunena zoona?"

"Ndinganamize inu? Chibale ndi fupa."

"Eya," anatero. Anakulunga zipolopolo zija m'kampango, n'kuziika m'thumba la m'kati, la pamtima. Atafika pachitseko anatembenuka. "Sukulu ija sinapite pachabe."

Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndavala nsapato zatsopano zosapana. Ndinali nditapulumutsa ntchito ya achimwene, makina a alamu, ndiponso ndinali nditabweza kangachepe pa zonse anandichitira. Abwana atabwera n'kupeza bokosi loonetsera laperewera anang'ung'udza, ine ndinangoti ndi m'bale wanga, ndipo nkhani inathera pomwepo. Madzulo ake alamu anandiyimbira foni, makina atabwerera pamalo pake, akundidalitsa mpaka zidzukulu zimene ndilibe.

Mayeso anali Loweruka m'mawa. Ndinapempha tchuthi, ndinakwera basi yoyamba. Alamu anakana kupita, anati mtima wawo sungapirire, akhala akuchapa. Malo owomberawo ndi bwalo lalitali lopanda udzu, kumapeto kwake kuli chimulu cha mchenga ndi matabwa okhomapo mapepala. Kuno koyambira kuli tebulo la simenti, timatumba ta mchenga totsamiritsira mfuti, ndi chingwe chimene achibale saloledwa kudumpha. Obwereza mayeso anali awiri: achimwene, ndi bambo wina wamimba amene anzake ankamutchula kuti Chinyezi, chifukwa ankatuluka thukuta ngakhale kukuzizira.

Mkulu wa mayeso anali munthu wowonda, wa magalasi omangirira ndi kachingwe, cholembera chili kukhutu. Anayamba ndi Chinyezi. Uyo anatenga zipolopolo za kuntchito zomwe zija, za m'katoni yotuwa, n'kuwombera mofulumira ngati akufuna kukataya madzi. Atapita kukaona, mabowo anali atamwazikana ngati chimanga cha nkhuku, lina kumtunda, lina kumunsi, lina likungonyambita m'mphepete. Koma anayi anali m'kati mwa pakuda. Mkulu uja anayeza la m'mphepetelo kawiri, anapukusa mutu, nalemba kuti wakhoza. Chinyezi anakhala pansi pomwepo n'kuvula nsapato.

Ine chamumtima ndinati, ngati uyu wadutsa ndi zinyalala zimenezi, achimwene ndiye akangotola.

Atafika patebulo, achimwene anamasula kampango kaja. Mkulu wa mayeso anatola chipolopolo chimodzi, anachitembenuza padzuwa, naliza kamluzu.

"Akulu, mwafika apa? Izi ine ndimangoziona m'mabuku. Mwagulitsa ng'ombe?"

"Mlongo wanga," anatero achimwene, osaonjezera kanthu. Ine kuseri kwa chingwe ndinakonza kolala.

Mfuti yawo ndi yakale, yopanda galasi loonera patali, ya tizitsulo tiwiri tolozera basi. Thabwa lake linachita kuda ndi thukuta la m'manja mwawo. Anaitsamiritsa pa kathumba, anaika tsaya, n'kukhala phee. Ndinkaona msana wawo ukukwera ndi kutsika, kenako unaima. Phuu! Ndinalumpha ngati ndapondedwa. Zaka zonsezi ndikugulitsa phokoso limeneli, sindinkadziwa kuti limalowa mpaka m'mano. Achimwene sanagwedezeke. Anakoka chitsulo, chigoba chinagwa pasimenti n'kulira ngati kandalama, anaikanso tsaya. Kasanu konse chimodzimodzi, osafulumira, osachedwa. Pamtunda umenewo bowo silioneka ndi maso, ndipo lamulo sililola kupita kukaona usanamalize.

Atamaliza anadzuka, anatola zigoba zonse zisanu n'kuziika m'thumba. Mkulu wa mayeso anandikodola kuti nditha kutsagana nawo. Tinayenda atatu mamita zana aja, ine ndikukonzekera kale mawu okauza alamu.

Tili chapatali ndinaona kuti pakuda paja palibe kuwala kulikonse kodutsa. Ndinati mwina ndi maso anga. Titayandikira ndinaona bwinobwino: sosala yonse yakuda inali yosalala, yopanda ngakhale kokanda. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana matabwa a m'mbali, ngati zipolopolo zingabisale. Kenako ndinaona chala cha mkulu uja chikuloza kumtunda chakumanja, poyera, zala zitatu kuchoka m'mphepete mwa pakuda. Panali mabowo asanu okumbatirana, awiri atalowana mpaka kukhala limodzi.

Mkulu uja anapisa m'thumba, anatulutsa bokosi la machesi, naliika pamabowo paja. Onse asanu anabisika. Analichotsa, analiikanso, ngati akuchita matsenga.

"Zaka makumi awiri ndikuyesa anthu pabwalo lino," anatero, "izi sindinazionepo. Ndi mfuti yopanda galasi! Akulu, dzanja lanu ndi mwala. Maso anu ndi a mnyamata." Anavula magalasi, anawapukuta. "Koma mfutiyi munaiyesa ndi zipolopolo zimenezi?"

"Ayi."

"Ayi? Ngakhale zitatu?" Anagwira m'chiuno. "Mtundu uliwonse wa chipolopolo uli ndi njira yake. Izi kulemera kwake ndi kwina, liwiro lake ndi lina. Mfuti yanu inakonzedwa kuti iziloza ndi za kuntchito zija. Mukasintha mtundu mumawombera kaye zingapo, muone pamene zikugwera, musunthe kachitsulo aka pang'ono, basi. Ntchito ya mphindi khumi. Mukanatero, zonsezi zikanakhala pakatikati, ine ndikanakhomera pepalali muofesi. Zipolopolozi zachita ndendende zimene munalipirira. Pamene chapita choyamba, zonse zapita pomwepo."

Mawu anga omwe, m'kamwa mwa munthu wina.

"Kodi amene anakugulitsani sanakuuzeni?" anapitiriza, akukwiya tsopano. "Ogulitsa enawa ndi ofunika kuwalanda chiphaso. Munthu wogulitsa zinthu ngati izi woyamba kudziwa zimenezi ndi iyeyo."

Ndinatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sipanatuluke kanthu msanga, ndipo achimwene anandipitirira.

"Anandiuza," anatero, akuyang'ana pepala. "Anati nditenge mabokosi awiri. Ndine ndinaumira."

"Achimwene!"

"Chemwali, khala chete." Sanakweze mawu. Anangonena ngati mmene ankanenera ndili mwana tikamawoloka msewu.

Ndiye pakamwa panga panatseguka, mochedwa ngati ambulansi. Ndinapempha, ndinachonderera, ndinagwira mkulu uja mkono. Ndinati taonani nokha, mwanena nokha kuti simunaonepo, apatseni za kuntchito zisanu awombere pompano muone. Ndinati uyo wavula nsapato apoyo mukumusiyira mfuti, amene akalozera njovu amapha mbuzi ya eni ake, ndiye mukulanda awa? Chinyezi anamva ndithu, koma sanakwiye, anangoyang'ana kumbali.

"Mayi," anatero mkulu uja, ndipo ndinaona kuti zikumuwawa zenizeni, "fomu iyi ili ndi funso limodzi: zalowa zingati? Ilibe malo olembapo kukongola. Mwayi ndi uwiri, ndipo wachiwiri ndi umenewu. Ndikawapatsa wachitatu, mawa ndine ndikutuluka m'nyumba." Anachotsa cholembera kukhutu. Ndinaona akulemba ziro, mozungulira bwino, mosathamanga.

Achimwene anapempha chinthu chimodzi chokha, pepala lija. Analichotsa pathabwa mosamala kuti lisang'ambike, analipinda kanayi. Kenako anapita kukabweza mfuti kwa wosunga zida, ine ndikuwadikira panja pa kawindo. Anatuluka phewa limodzi lili m'mwamba, lija linazolowera lamba.

Lolemba ndinawauza abwana zonse, ndikuyembekeza kuti andichotsa ntchito, ndipo mwina ndinkafuna atero. Anandikalipira mpaka telala wosamva uja anasuzumira.

"Ndinakuuza sabata yako yoyamba! Ndinajambula ndi papepala! Zaka khumi ndi zinayi ukunena chinthu tsiku ndi tsiku osachikhulupirira?"

"Ndinkayesa ndi zokometsera malonda."

"Zokometsera malonda ndi zilembo zagolidezo! M'nyimbo yonse ija mawu oona kwambiri ndi amenewo!" Anayenda uku ndi uku m'kanjira kathu kopapatiza, kenako anaima. "Wati mabowo asanu pansi pa bokosi la machesi? Mfuti yopanda galasi?"

"Eya."

"Pepalalo lili kuti?"

Wamalonda ndi wamalonda, ngakhale pamaliro amayeza nsalu ndi maso. Ndinakana, koma iwo anakumana ndi achimwene okha, ndipo achimwene anapereka, akuti nanga ine ndilitani. Abwana anatenga lumo, anadula mbali ya mabowo ija bwinobwino, pakuda ponse n'kutaya m'bini. Kachidutswako anakaika m'felemu, pambali pake anamata bokosi la machesi, pansi n'kulemba kuti: Mamita 100, mfuti yopanda galasi, zipolopolo zathu zapamwamba. Palibe bodza ngakhale limodzi pamenepo. Anakhoma felemuyo kumbuyo kwanga, pamwamba pa mutu wanga penipeni, ndipo mwezi umenewo timabokosi takuda tinayenda kuposa chaka chonse.

Tsiku losamuka ndinapita kukathandiza. Anapeza zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa malo ogulitsira matabwa. Alamu anandilonjera bwinobwino, anandifunsa za ana, anandipatsa madzi akumwa, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwanidwa. Nkhani yonse ankaidziwa, poti ndinali nditawauza ndekha pafoni ndikulira. Tinakulunga mbale m'manyuzipepala. Pafelemu ya chitseko cha kuchipinda panali timizere ta pensulo, misinkhu ya ana anayi chaka ndi chaka, ndipo alamu anadutsapo kangapo osayang'anapo. Mandimu anathyola onse, ndi aawisi omwe.

Chomaliza kukwera m'lole chinali makina osokera. Tinanyamula awiri, ine ndi alamu, achimwene akulandira pamwamba.

"Gwirani bwino, alamu," anatero alamu anga kwa ine. "Munawawombola ndinu. Tsopano ndi amene azitidyetsa."

Sindinadziwe ngati akundithokoza kapena akundibaya, ndipo ndikuganiza kuti iwonso sankadziwa.

Lole itadzaza, achimwene anabwerera m'nyumba ngati aiwala kanthu. Ndinawatsatira. Ndinawapeza ataima pabalaza popanda kanthu, akuyang'ana pawindo kumene kumaoneka mpanda umene anaulondera zaka zonse zija.

"Achimwene, munanamiranji? Mukanawauza kuti ndine."

"Zikanasintha ziro?"

"Ndakuphani ine. Munabwera ndi nzeru zanu, ndi ndalama zanu, munafunsa ndi kufunsa komwe. Ine ndi pakamwa pangapa..."

"Unkandifunira zabwino."

"Ndiye zabwino zake ndi zimenezi?"

Anapisa m'thumba n'kutulutsa chigoba chimodzi mwa zisanu zija, anachitembenuza m'zala. Ndinaona kuti akumwetulira pang'ono, ndipo zimenezo zinandimaliza.

"Ukudziwa, chemwali, masabata atatu aja sindinkagona. Ndinkati maso apita, ndine munthu wotha. Ndikanawombera za kuntchito n'kulowetsa zinayi, ndikanati ndi mwayi chabe, mantha akanakhalapobe. Koma pepala lija..." Anagwedeza mutu. "Maso ndili nawo. Dzanja ndili nalo. Zipolopolo zako zinandiuza zoona."

"Zoona zodula bwanji."

"Eya," anatero. Anandipatsa chigoba chija, n'kutuluka kukakwera lole.

Pano akulondera pageti ya sukulu ina ya ana aang'ono, ndi ndodo ndi wezulo. Akuti anawo amawakonda. Singano ija, alamu anapeza kuti inali yopindika pabowo.

Ine ndikadali pakauntala pomwe paja, pansi pa felemu. Anthu akandifunsa ngati zakudazo zili zoyenera mtengo wake, ndimawauza kuti inde, zimachita zonse zimene zinalonjeza, sizikuthandizani kuganiza basi. Nyimbo ndimayimba yomwe ija, koma ndikafika pa mzere womaliza ndimachedwapo. Ndimafotokoza za kachitsulo, za njira ya chipolopolo, ndimajambula ndi papepala. Abwana akuti ndikuchita kunyanya.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wa kumafamu, nguluwe zikumuthera mbewu. Anayang'ana felemu ija nthawi yaitali, anayeza bokosi la machesi ndi chala, n'kunena kuti akufuna zomwezo. Ndinamuuza kuti atenge awiri, kapena ngati ndalama yavuta, pa limodzi lomwelo asanapite kumunda ayambe wawombera zisanu papepala.

Anaseka, anatsamira pakauntala, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, inu ndi ine ndife akuluakulu. Zipolopolo za mtengo uwu ndiziwombera pepala? Tiuzane zoona. Ndikanakhala mchimwene wanu, mukanandiuza zimenezi?"

Ndinagwira chigoba chija m'thumba la epuloni.

"Mchimwene wanga ndinamugulitsa zisanu zokha," ndinatero. "Ndinamuuza kuti zoyesa n'zosafunika."

"Mwaona!" Anamenya pakauntala mokondwa, ngati wagwira wakuba. "Ndinadziwa ine. Ndipatseni limodzi."